Tepi Yabuluu pa Mkono wa Makanja

Tamara ndi Yamikani, ana anga, mwakhala mukundifunsa chimene chinandichotsa ku Vubwi mwadzidzidzi chonchija, ine n'kumangoti boma limasamutsa anthu ake. Silinali bodza, koma sinali nkhani yonse. Tsopano ndapuma pa ntchito, palibenso wondilembera kalata yondidzudzula, ndiye khalani pansi mumve. Za ubwana wanga ndazilumpha, munazimva kwa agogo anu mpaka kutopa nazo. Mayina a anthu ena ndasintha dala.

Katete, zaka zoyamba pa ntchito

Ndinafika ku Katete ndi sutikesi imodzi ndi pepala la ku koleji lonena kuti ndine wa fiziyo, ndiye kuti wothandiza ziwalo zovulala kapena zofooka kuti zigwirenso ntchito. Bambo anga sanaimvetse ntchitoyi mpaka kumanda. "Zaka zitatu ku Lusaka kuphunzira kuthowa?" ankatero. "Amako amathowa bwino ndithu, chikhalirecho sukulu sanaione n'khomo lomwe." Chipinda chimene anandipatsa chinali mosungira matiresi ong'ambika. Munali bedi limodzi ndi ndodo ziwiri zosiyana kutalika. Ndinasoka timatumba ta mchenga tonyamulitsa odwala, ndinapempha machubu akale a njinga kwa amwenye a sitolo kuti tizikokera miyendo, ndipo kalipentala wina anandikhomera mitengo iwiri ya bulugamu yogwirira ophunzira kuyenda. Mkulu wanga woyamba anali Amayi Zulu, nesi wachikulire wosaseka. Tsiku lina anandipeza ndikusaina pepala la munthu amene sindinamupime, chifukwa mzere unali wautali. Anandilanda cholembera. "Mwana iwe, dzina lako ndi limodzi lokha. Usadzalilembe pansi pa chinthu chimene sukuchikhulupirira." Ndinalira kuseri kwa chitseko, koma ndinamva.

Za mpira zinandipeza zokha. Lolemba lililonse ankabwera anyamata a m'masukulu ndi m'midzi, mabondo ali tumbu, atawatema kale mphini ndi kuwathowa ndi madzi otentha pamalo pongovulala kumene. Asa! Zinkandinyansa. Ndinayamba kupita ku bwalo Loweruka, osaitanidwa ndi munthu, kukakalipira amene ankakoka miyendo ya wovulala ndi kumuthira madzi kumutu kuti adzuke msanga. Pakamwa ndinali napo, mukundidziwa. Poyamba ankandiseka kuti mzimayi adziwa chiyani za mpira, kenako anayamba kunditumizira njinga yodzanditenga.

Lusaka, zaka zinayi za ku yunivesite

Ndinapita ku yunivesite ndili mayi wa ana awiri, inu n'kukusiyani ndi azakhali anu. Anzanga a m'kalasi anali ana ongochoka kumene ku sekondale, ankanditcha "mami" n'kumandibwereka zolemba zanga. Ndinasankha kuzama pa za kuvulala kwa anthu amasewera. Tinaphunzira minofu ndi mitsempha mayina ake onse, kumanga mfundo, kubwezeretsa wothamanga pa liwiro lake. Koma chimene chinandikhala kwambiri ndi mawu a mphunzitsi wina wokalamba amene anayenda ndi matimu zaka zambiri. Ankati usanamugwire munthu, yamba wamufunsa kuti wagwa bwanji. Khosi lowawa chifukwa chogonera mbali imodzi umalisisita munthu n'kumapita. Khosi lowawa munthu atagwa kuchokera pamwamba, makamaka zala zikamachita dzanzi, suligwedeza, sumulola kusewera, mpaka mafupa ajambulidwe. Fupa la m'khosi likhoza kung'aluka munthu n'kumayendabe, kuseka, kudya. Kenako kugundidwa kamodzi kokha, basi, kuyambira m'mapewa kutsika pansi zonse zii.

Titamaliza tinabalalika. Ena anatengedwa ndi matimu a ku migodi, ena anatsegula zipinda zawozawo mu Lusaka zothandizira anthu olemera, mtsikana wina amayenda ndi othamanga kunja kwa dziko, wina ndi mphunzitsi pa yunivesite pomwepo. Inenso timu ina inandifuna, koma ndinali wa boma, ndipo mtima unali kuno kum'mawa kumene kunali inu. Potsanzikana, anzanga aja anandisonkhera mphatso ya mipukutu itatu ya tepi yabuluu yomangira mfundo. "Mami, kumudzi kwanuko mudzamangira mbuzi," anatero akuseka.

Vubwi, boma litangotsegulidwa

Kalata inanditumiza ku Vubwi. Maofesi anali m'nyumba zobwereka, ndipo msewu wake mvula ikagwa unkangoyenda ndi pemphero. Makina ojambulira mafupa kunalibe. Wofuna kujambulidwa ankapita ku Chipata, ngati galimoto yathu imodzi ija ilipo. Mkulu wa chipatala chathu anali a Sakala, munthu wakhama, wosamwa, koma wokonda mpira kuposa chakudya. Iwo omwewo anali wapampando wa timu ya m'bomalo. Atamva zimene ndinaphunzira anandigwira dzanja ndi manja awiri. "Amayi Banda, wakutumizani ndi Mulungu. Anyamata anga ndi anu."

Pa anyamatawo panali Dalitso, goloboyi, wa zaka makumi awiri, wamikono italiitali. Bambo ake anamwalira ali wamng'ono, ndipo anakulira m'manja mwa amalume ake, a Mwale. Ine mpira ndauona, koma wogwira ngati ameneyo sindinamuonenso. Ankanditcha amayi, ankandibweretsera mtedza wa m'munda mwa mayi ake, ndipo ndikamukalipira ankangoseka. Ndinkamukonda ngati mmene ndikukondera iwe Yamikani, sindibisa.

M'chilimwe cha chaka chachiwiri a Sakala analowa m'chipinda changa akuvina ndi foni m'manja. Akuluakulu awiri a timu ina yaikulu ya ku Lusaka anali kubwera Loweruka kudzamuona Dalitso akusewera. Akawasangalatsa, anali kupita naye. Anangopempha kalata ya kuchipatala yonena kuti thupi lake lili bwino, ndipo kalatayo inali yoti ndisaine ine. Lolemba la sabata imeneyo Dalitso anabinya dzanja lamanzere pang'ono pokonzekera. Ndinamumanga ndi mpukutu wanga womaliza wa tepi yabuluu, mmene ndimamangira ine, kupingasa kawiri pa chala chachikulu ndi kupinda kansonga kuti isavute pomasula. M'boma lonse la Vubwi munalibe tepi ina yamtundu umenewo.

Lachitatu

Ndinakwera njinga yamoto kupita ku mudzi wa kwawo kwa Dalitso, kukaona nkhalamba ina yakufa ziwalo mbali imodzi. Ndinapeza kuli mwambo wokumbukira malemu wina, gule ali m'bwalo. Inu munakulira m'tauni ndi m'tchalitchi, ndiye ndikufotokozereni. Kwathu gule wamkulu si munthu. Ndi chirombo chochokera kumanda, ndipo palibe amene amaloledwa kunena zosiyana ndi zimenezo. Azimayi amene amaimba ndi kuomba m'manja pamenepo si opusa ayi, mkazi amalidziwa phazi limene amalitungira madzi osamba. Koma sanena. Wonena, makamaka mkazi, pamaso pa ana ndi pa anthu osalowa mwambo, wapalamula mlandu waukulu umene umafika mpaka kwa abale ake.

Ndinaima patali ndi azimayi anzanga, poti kudutsa pakati sikukanatheka. M'bwalo munali Makanja, gule wamtali uja amene mutu wake umapitirira denga la nyumba. Ankavina bwino, anthu akukuwa. Mwadzidzidzi mwendo wake umodzi unamira m'una wa mfuko. Anapepesuka, anayesa kudziwongola, kenako anagwa chagada kuchokera m'mwamba monsemo, nkhongo n'kuyamba kufika pansi. Phi! Ng'oma zinaleka. Azimayi onse anatembenuka nthawi yomweyo, ena n'kuthawa, monga mwa mwambo. Ine maso a ntchito anachedwa kutembenuka. Mkono wamanzere unali utatambasuka pa fumbi, chiguduli chitakwinyikira m'mwamba, matope amene anapaka atakhululuka. Ndinaona tepi yabuluu, yopingasa kawiri pa chala chachikulu, kansonga kopinda.

Miyendo yanga inayamba yokha kupita komweko. Mayi wina anandigwira chitenje mwamphamvu. "Amayi, mukupita kuti? Kumeneko si kwathu." Amuna anazinga chirombocho ndi mphasa, anachinyamula manja ndi miyendo, mutu ukulendewera, n'kulowa nacho kutchire. Mayo ine! Ndinaluma chala mpaka kutuluka magazi. Nkhalamba ija ndinaiona ndithu, koma sindikumbukira chimene ndinaichita.

Lachinayi

M'mawa Dalitso analowa m'chipinda changa akuyenda yekha. Ndinathokoza Mulungu chamumtima. Koma nditamuitana ndili kumbali kwake, anatembenuka thupi lonse m'malo motembenuza mutu. Dzanja linali losamba bwino, lopanda kanthu.

"Tepi yanga ili kuti?"

"Inanyowa, amayi. Ndabwerera kalata ija."

"Khosi latani?"

"Ndinagonera mbali imodzi."

Ndinamukhazika pansi, ndinayendetsa chala pa mafupa a kumbuyo kwa khosi. Pa fupa lina anakokera mpweya m'mano. Ndinamuuza kuti afinye zala zanga. Dzanja lamanja, limene linkagwira mpira ngati chingwe cha ng'ombe, linali lofooka, ndipo anavomera kuti zala ziwiri zikuchita dzanzi.

"Dalitso, wagwa?"

"Sindinagwe, amayi."

"Chabwino. Tiyerekeze kuti munthu wina, osati iwe, wagwa kuchokera pamwamba, nkhongo n'kuyamba kufika pansi. Munthu ameneyo akadumphira mpira Loweruka, wina n'kumugunda ndi bondo, sadzayendanso. Ukundimva?"

"Za anthu ena ine sindizidziwa." Anandiyang'ana m'maso. Iye ankadziwa kuti ndikudziwa. "Amayi, chonde. Anthu awa sadzabweranso kuno. Ndani amabwera ku Vubwi? Mungosaina, ndisewere mphindi zochepa chabe, Lolemba mudzandipange chilichonse."

Ndinamukana. Ndinadula katoni, ndinaikulunga ndi thaulo, ndinamumanga m'khosi, poti chomangira chenicheni tinalibe. Ndinamuona pa windo akuchivula asanafike n'komwe pa geti.

Sipanapite nthawi, a Sakala anandiitana ku ofesi. Kalata inali pa tebulo, cholembera pamwamba pake. Ndinawauza kuti ndikukayikira kuti fupa la m'khosi lang'aluka, ndipo mnyamatayo apite ku Chipata lero lomwe. Anati galimoto inapita ndi mayi wapakati, yawonongeka komweko, ibwera Lolemba. Ndinati ndiye adikire Lolemba.

"Fupa ling'aluka ndi tulo, amayi Banda? Mnyamata akuti anagonera mbali imodzi."

"Anagwa, bwana. Kuchokera pamwamba."

"Anagwa kuti? Liti? Anamuona ndani?"

Pakhomo panali anthu odikira, chitseko chili pululu. Ngakhale chikanakhala chotseka, a Sakala sakanasunga, akanapita nazo kwa aphunzitsi a timu ndi kwa alendo aja. "Sindinganene," ndinatero.

"Simunganene! Ndiye ine ndiwauze chiyani anthu ochokera ku Lusaka? Kuti amayi athu alota? Mwana wamasiye wapeza mwayi kamodzi m'moyo wake, inu mukufuna kutionetsa kuti munapita ku yunivesite. Sainani apa."

Ndinakumbukira Amayi Zulu akundilanda cholembera. Ndinabweza pepala lija ndi chala chimodzi. A Sakala anatenga cholembera, anasaina okha pamaso panga, anadinda chidindo mwamphamvu mpaka kapu ya tiyi inadumpha. Ndinatuluka. Kukana kwanga sikunapulumutse munthu, kunangoyeretsa dzina langa basi.

Lachisanu

Panatsala munthu mmodzi yekha amene mawu ake akanaposa chidindo. Kwathu mwana ndi wa amalume ake. Masana ndinabwerera ku mudzi kuja, ndinawapeza a Mwale ku dimba akuthirira tomato. Anali munthu wamfupi, wofatsa, wolankhula motsitsa, ndipo aliyense ankadziwa kuti pa za gule m'mudzimo iwo ndiwo anali mkulu. Ndinagwada m'mphepete mwa mzere, tinapatsana moni, anandifunsa za ana. Kenako ndinayamba mozungulira, monga timachitira.

"Abambo, dzana ndinali pano. Ndinaona chirombo chikugwa."

"Chirombo sichigwa, amayi. Chimagona pansi chikafuna."

"Chabwino, chinagona. Koma chinagonera nkhongo. Ndiye dzulo mwana wa mlongo wanu wabwera kwa ine khosi louma, zala zili dzanzi. Sindikunena kuti zinthu ziwirizi n'zogwirizana. Ndikungopempha kuti mumuletse mawa."

Anapitiriza kuthirira. Anati mnyamatayo anamuona okha, akuyenda, akudya. Anati anamupaka kale mankhwala ndipo m'mawa adzadzuka wopepuka. Anati mlongo wawo wavutika mokwanira ndi khasu, ndipo iwo sangatseke chitseko chimene Mulungu watsegula. Sanali munthu woipa, ana anga. Ankamufunira zabwino monga ine.

Pamenepo ndinanena chinthu chimene sindinakonzekere pochoka kunyumba. Chinangotuluka, ndipo chitatuluka ndinadziwa kuti ndidzachichitadi. "Abambo, mundikhululukire. Mawa Dalitso akaima pa golo, ine ndidzalowa pakati pa bwalo. Ndidzanena mokweza chimene ndinaona Lachitatu, ndi chimene chinali pa mkono wa chirombocho. Azimayi adzamva, ana adzamva, alendo adzamva."

Anaika keni pansi pang'onopang'ono. "Ndinu Mchewa inu?"

"Ndine. Kwathu ndi kufupi ndi Mkaika, ku likulu la Achewa."

"Ndiye mukudziwa. Mlandu umenewo udzafika kwa amalume anu. M'midzi ino simudzapondamonso. Ndipo anyamata akapsa mtima, ine sindingalonjeze kuti ndidzawagwira."

"Ndikudziwa, abambo. Ndikuopa ndithu. Koma ine ndawaona anthu othyoka khosi. Mlongo wanu adzakhala akumutembenuza pa mphasa, kumupukuta ngati khanda, mpaka mmodzi wa iwo adzafe. Kuli bwino mundithamangitse."

Kenako anatola keni yawo. "Dzuwa lapendeka, amayi. Msewu wanu ndi wautali."

Loweruka

Bwalo linadzaza. Anthu anabwera pa njinga ndi pa ngolo, ena kuchokera kutsidya kwa malire. Alendo awiri aja anakhala pa mipando pansi pa mtengo, a Sakala pakati pawo atavala jekete. Dalitso anali pa golo, magolovesi m'manja, mnzake akumuponyera mipira yapansipansi. Ndinaona kuti yam'mwamba akuisiya dala. Ndinayang'ana uku ndi uku kufuna a Mwale, koma sanaoneke. Matimu anafola. Woimbira anaika wezulo pakamwa.

Ndinamanga chitenje molimba n'kulowa m'bwalo. Anthu anayamba kukuwa. "Amayiwo atani? Chokani! Tikufuna mpira ife!" Wina anandigenda ndi chitsononkho, chinandipeza paphewa. A Sakala anaimirira n'kumandikodola ndi manja onse awiri. Ndinafika pakati penipeni pamene panali mpira, ndinauponda ndi phazi.

"Ndili ndi mawu!" Liwu linatuluka lowonda, ndinabwerezanso. "Ndili ndi mawu!"

Phokoso linatsika. Ndinaona azimayi a ku mudzi kuja atakhala kumbali, ana ali pamiyendo, ndipo mayi uja anandigwira chitenje anaphimba pakamwa ndi dzanja. Dalitso anali ataima njo pa golo. Ndinaganiza za inu awiri, ndinaganiza za amalume anga okalamba aja akuitanidwa ku mlandu chifukwa cha pakamwa panga.

"Lachitatu lapitali ine ndinali ku mudzi wa kwawo kwa mnyamata uyu. Ndili kumeneko ndinaona..."

Belu la njinga linalira. Anthu anapatuka kuseri kwa golo, a Mwale n'kutulukira akukankha njinga yawo. Kani anali pomwepo nthawi yonseyi, atabisala m'khamu, kudikira kuti aone ngati mzimayiyu achitadi. Sanandiyang'ane. Anapita molunjika kwa Dalitso, anatambasula dzanja.

"Vula."

"Amalume..."

"Ndati vula." Anatembenukira kwa anthu, osakweza mawu, koma bwalo linali zii moti aliyense anamva. "Mwana wa mlongo wanga sasewera lero. Chifukwa chake ndi changa."

A Sakala anathamangira komweko ndi kalata m'manja, koma atafika anangoima. Ndani angatsutse amalume pa mwana wa mlongo wawo? Dalitso anavula magolovesi limodzilimodzi. Potuluka anadzera pakati pa bwalo, pamene ndinali nditaimabe. Misozi inali kutsika koma nkhope inali youma. "Mwandipha, amayi," anatero chapansipansi. Amenewo ndiwo mawu omaliza amene anandiyankhula. Alendo aja ananyamuka pa nthawi yopumula, ndipo sanabwerenso.

Miyezi yotsatira

Lolemba a Mwale anamuperekeza okha ku Chipata. Chithunzi chinaonetsa fupa long'aluka, pomwe ndinagwira paja. Musaganize kuti ndinasangalala. Dalitso anakhala miyezi itatu atamangidwa khosi ndi chomangira cholimba. Atamumasula, amalume ake ankabwera naye kwa ine kawiri pa sabata kuti khosi liphunzirenso kuyenda. Ndinkamuwerengera. Kumanzere katatu, kumanja katatu, chibwano pansi, maso m'mwamba, kenako kukweza mapewa ndi kuwagwetsa. Ankachita zonse bwinobwino, osaphonya, maso ali kukhoma, osatulutsa liwu ngakhale la moni. Ndikamuseka kuti waumitsa khosi ngati tambala, nkhope inali gwa. Zinkandipweteka kuposa chitsononkho chija.

A Sakala anasiya kundipatsa moni. Chithunzi chija chinawachititsa manyazi, poti dzina lawo ndilo linali pa kalata, ndipo munthu wamanyazi safuna kuona tsiku ndi tsiku amene akumukumbutsa. Analemba kwa akuluakulu kuti ndinanyozetsa chipatala pagulu ndipo sindigwirizana ndi anthu a m'deralo. Pena sananame. Ku msika azimayi ena ankandiyankha moni atayang'ana kumbali, poti ankadziwa chimene ndinatsala pang'ono kunena. Mvula isanathe kalata yondisamutsa inafika.

Sinda, mpaka kupuma

Ku Sinda ndinagwira ntchito zaka khumi, makamaka ndi ovulala pa ngozi za mumsewu waukulu uja. Ndinkazungulira m'masukulu kuphunzitsa aphunzitsi amasewera kuti mwana akagwera mutu asamudzutse ndi kumukoka. Atsikana awiri amene ndinawakakamiza kulembera ku yunivesite lero ndi a fiziyo, mmodzi ali ndi timu ya ntchemberembaye. Dalitso ndinkamumvera kwa anthu. Mpira anausiyiratu, anakwatira, amalima soya, ali ndi ana atatu. Ndinakumana naye kawiri pa msika wa Katete, ndipo kawiri konseko anawoloka msewu atandiona. Ndinkadzifunsa ngati ndinachita bwino kuwaopseza a Mwale ndi chinthu chopatulika kwa iwo, m'dimba lawo lomwe. Mpaka lero yankho lokhazika mtima ndilibe. Ndikudziwa chimodzi chokha, kuti belu lija likanachedwa pang'ono ndikananena.

Chilimwe chathachi

Mayi ake a Dalitso ananditumizira uthenga kuti a Mwale amwalira, ndipo asanatsirizike ananena kuti amayi a ku chipatala aja adzauzidwe. Ndinapita. Pa maliro a mkulu ngati ameneyo gule sangalephere. Ine wa chigwirizano cha amayi ku mpingo kwathu ndinayenera kukhala kutali, koma mayi ake a Dalitso anandigwira dzanja n'kundikhazika pambali pawo, kutsogolo kwa azimayi. Dalitso sindinamuone pa anthu.

Zirombo zinabwera, zinavina, zinapita. Chakumasana kunatuluka china chachifupi, cha nkhope ya nkhalamba, choyenda ndi ndodo, mapazi ake ali pansi pa dothi. Chinali ndi mikono italiitali. Chinavina pang'ono, kenako chinasiya ng'oma n'kulunjika kumene tinakhala. Azimayi anayamba kusuntha chambuyo. Ine ndinakhala pomwepo. Chinafika pamaso panga, chinaika ndodo pansi, chinagwada.

Chinatembenuza mutu kumanzere, katatu. Kumanja, katatu. Chibwano pansi. Maso m'mwamba. Kenako chinakweza mapewa n'kuwagwetsa.

Ana anga, ndinalira ngati mwana. Ndinkafuna kuchikalipira kuti iwe wosamva, ukuvinabe, koma sindikanatha kunena kanthu, ndipo nachonso sichikanatha. Ndinavula duku wanga, ndinamuyala pansi patsogolo pake, ndinalulutira mpaka mawu anasasa. Chinatola dukuyo, chinatola ndodo, n'kubwerera kumene chinachokera.

Nkhani inafika ku Sinda ine ndisanafike. Akulu a mpingo anandiitana, ndipo sindinakane chilichonse. Anandifunsa kuti mayi wachikulire ngati ine, wa chigwirizano, chirombo chimenecho chinali ndani kwa ine kuti ndichivulire duku. Ndinawayankha monga ndinawayankhira a Sakala, kuti sindinganene. Inunso ndikuyankhani chomwecho, ndipo musadzandifunse. Ndingokuuzani za ntchito yanga basi. Khosi lake linkatembenuka bwinobwino, mbali zonse ziwiri.